Giredi ya makobidi osula ndi nyundo: nkhope idatha kapena idabadwa choncho?

Kanyundo:
Akuluakulu, ndibwerekeni maso. Pa okushoni ina ya pa intaneti pali peni yasiliva ya Edward I, mfumu ya ku England, yosulidwa ku London. Kumbuyo CIVITAS LONDON akuwerengeka bwinobwino, maluwa a m'mbali mwa chisoti ali ndi masamba awiriawiri, ndiye kuti m'magulu a mapeni amenewa ndi class 10, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Wogulitsa waipatsa giredi ya good Very Fine (VF), n'kuwonjezera kuti nkhope idadindika mofooka. Koma kunena zoona nkhopeyo palibiretu, maso ndi mphuno zangoti thyathyathya. Tsitsi ndi chisoti ndiye zakuthwa ndithu. Kulemera kwake ndi magalamu 1.21. Khobidi lopanda nkhope lingakhale VF bwanji? Nanga 1.21 ameneyo sakuchepa?

Gogo Sheleni:
Achimwene, mafunso anuwo ndi awiri, tisawasakanize. Tiyambe ndi la nkhope.

Kumbukirani mmene khobidi lotere linkabadwira. Chidindo chapansi, chija amati pile, chinali ndi msonga yokhomera pachipika, ndipo nkhope ya mfumu nthawi zambiri inkakhala pamenepo. Chapamwamba, trussel, mmisiri ankachigwira m'dzanja. Kabenthu ka siliva pakati, kenako nyundo, pho! Panalibe mkombero wotsekera kabenthuko m'mbali ngati pa makina, panalibenso choyezera mphamvu. Dzanja likapendekeka pang'ono, mbali ina imalowa kwambiri, inayo chidindo n'kungoikhudza. Kabenthu komweko kanali kosula ndi manja, pena ponenepa pena popyapyala.

Tsono peni ya Edward ndi yopyapyala kwabasi, ndipo pakati pa mtanda wa kumbuyo pamagwera kuseri kwa nkhope penipeni. Siliva wochepa yemweyo akulimbirana zidindo ziwiri, ichi chikufuna adzaze mtanda, icho chikufuna adzaze mphuno ya mfumu. Mtanda ukapambana, nkhope imatuluka yopanda kanthu, ndipo nthawi zina mthunzi wa mtandawo umachita kuonekera pankhope. Amalonda amati ghosting.

Zilembo za giredi, F (Fine), VF (Very Fine), EF (Extremely Fine), ntchito yake ndi kuyeza chinthu chimodzi chokha: mmene khobidi laperepesekera m'manja ndi m'matumba mwa anthu. Chimene sichidadindike chiyambire sichingatchedwe kuti chatha. Ndiye wogulitsayo angakhale sakunama. Kaya mtengo wake uyenera kukhala wa VF, imeneyo ndi nkhani ina.

Achemwali Tiki:
Agogo anena zoona, koma musakhulupirire wogulitsa aliyense wolemba kuti idadindika mofooka, poti mawu amenewo ambiri amabisalamo. Njira yodziwira nayi.

Tengani kagalasi kokuza kasanu kapena kakhumi, osapitirira apo chifukwa mudzaona zipsera zokhazokha n'kuiwala khobidi. Nyale ikhale imodzi, iwale chopingasa kuchokera m'mbali, osati pamwamba. Muzitembenuza khobidilo pang'onopang'ono.

Pamalo posadindika, siliva amakhala wokhakhala pang'ono, ngati mmene kabenthu kanalili kasanamenyedwe, ndipo chapafupi pomwepo mupeza chilembo kapena mzere wa tsitsi wakuthwa. Kusintha kwake n'kwadzidzidzi: apa pakuthwa, apa palibe. Pomwe kutha kwa m'manja kulibe tsankho. Kumadya nsonga zonse zotumphuka, mphuno, tsitsi, maluwa a chisoti, mitu ya zilembo, n'kuzisiya zosalala ndi zoundana m'mbali.

Chachiwiri, tsinani malo ophwatalalawo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, muone kuseri kwake kuli chiyani. Musayerekeze ndi maso poyang'ana zithunzi ziwiri, chifukwa pa makobidi a nyundo mbali ziwirizi siziyang'ana kumodzi, mmisiri ankagwira trussel mmene yagwirikira. Ngati kuseri nakonso n'kofooka pamalo omwewo, nyundo sidafike kapena kabenthu kanali kopyapyala pamenepo. Ngati kuseri kuli pakati pa mtanda wonenepa bwino, ndi nkhani ija anena agogo.

Mboni yabwino koposa pa peni ya Edward ndi timadontho 12 ta kumbuyo, titatutitatu pangodya iliyonse ya mtanda. Tikakhala tozungulira ngati mapira, khobidi silidayende kwambiri, kaya nkhope ilipo kaya palibe. Tikaphwatalala pamwamba tonse, latha basi.

Kanyundo:
Pachithunzi timadonthoto n'tozungulira, pamwamba pokha ndi pomwe pakhudzidwa pang'ono. Ndiye za nkhope ndavomera. Za sikelo?

Wasikelo:
Pamenepo ndiye pali mlandu. Peni ya Edward I, kuyambira pa kusintha ndalama kwa mu 1279, inkatuluka ndi magalamu pafupifupi 1.43. Yanuyo yaperewera 0.22, kutanthauza magawo 15 pa 100 alionse. Kuperepeseka kokha, pa khobidi loti timadontho tikadali tozungulira, sikungadye siliva wochuluka chotero. Yoyenda bwino koma yosakhudzidwa ndi sizasi muziyembekeza 1.30 kufika 1.45.

Sungani manambala awa, amathandiza pa makobidi onse a nthawi imeneyo:

1351, Edward III: peni 1.17, groat (khobidi la mapeni anayi) 4.67
1412, Henry IV: peni 0.97, groat 3.89
1464, Edward IV: peni 0.78, groat 3.11

Onani 1.21 wanuyo pomwe wayandikira. Mapeni a Edward I adayenda zaka zambirimbiri mwini wake atamwalira. Boma likatsitsa muyezo, peni yakale inkakhala ndi siliva woposa mtengo wake, ndiye anthu ankaimeta m'mbali kuti ifanane ndi zatsopano, zometedwazo n'kukasungunula. N'chifukwa chake mumapeza mapeni a Edward I a 1.15 kapena 0.95, ndi ma groat a Henry VI oyenera 3.89 ali cha pa 3.1. Ine ndikuti peni imeneyi idametedwa.

Sikelo ikhale yowerenga mpaka 0.01. Ya kukhitchini ija yoyezera ufa siigwira apa.

Achemwali Tiki:
Musafulumire a Wasikelo, siliva amathanso kudyeka m'nthaka khobidi n'kupepuka popanda sizasi. M'mphepete ndi momwe muweruze.

Mphepete yobadwa nayo idafinyidwa ndi nyundo, choncho imakhala yoviringika, pena yotupa pang'ono, pena ndi timing'alu tating'ono toloza pakati. Yometedwa imadula zilembo pamutu mwakuthwa, ndipo mukaizungulira ndi galasi mupeza timbali towongoka pomwe sizasi inkaluma, kapena mizere ya tupa ngati wometayo anali waukhondo.

Musasokonezenso ndi khobidi lodindidwa chakumbali. Limenelo zilembo zimasowa mbali imodzi, koma mbali yoyang'anana nayo kumatsala siliva wopanda kanthu kunja kwa kamzere ka timikanda. Zikasowa mbali zonse popanda potsala, ndi sizasi.

Kanyundo:
Zilembo zaduka mitu pafupifupi kuzungulira konse. Kamzere ka timikanda kakunja sikakuoneka paliponse.

Wasikelo:
Ndiye nkhani yatha. Ndipo wogulitsa wosalemba zimenezo wabisa chinthu chachikulu kuposa nkhope.

Chidindo:
Ine pa nkhani ya nkhope sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mwa lamulo la giredi mukulondola, koma wogula sagula lamulo. Kabuku ka mitengo ka Coins of England, kodziwika ndi dzina la Spink, kamene aliyense ku Britain amatsegula, pa makobidi a nyundo kamapereka mitengo iwiri yokha, wa Fine ndi wa Very Fine, ndipo wa VF umaposa wa Fine kawiri, katatu, pena kuposa apo. Mtengo wa VF umenewo ndi wa khobidi looneka bwino: lozungulira, lodindika pakati, malemba owerengeka, mfumu ikukuyang'ana. Munthu akalemba good VF pa peni yopanda nkhope, akufuna diso la wogula ligwere pa mzere wa mtengo wapamwambawo.

N'chimodzimodzi posankha fodya. Tsamba likhoza kukhala lalitali, lamtundu wabwino, koma ngati lang'ambika pakati simungaliike m'chindindi cha giredi yoyamba n'kumati kutalika kwake n'kokwana. Ogula pa okushoni adzalitulutsa.

Peni ya Edward I ya ku London, class 10, ndi imodzi mwa zopezeka mosavuta pa makobidi onse a nyundo. Za nkhope yonse zilipo mbwee. Palibe chifukwa cholipirira mtengo wa VF pa yopanda maso.

Gogo Sheleni:
Sitikutsutsana ayi achimwene, mukunena za mtengo, ine za giredi. Koma poti mwayamba, tiyeni tiike poyera tanthauzo la zilembozi pa peni imeneyi, chifukwa ongoyamba kumene amaganiza kuti Fine ndi chinthu chabwino kwambiri.

Fair: mtundu wake ukudziwika, malemba theka afufutika, mfumu ndi mthunzi chabe. Fine: malemba ambiri mukuwerenga, maluwa atatu a chisoti alipo koma aphwatalala, tsitsi langokhala mibulu iwiri m'mbali mwa mutu. Very Fine: mizere ya tsitsi ikusiyanitsika, zilembo zili ndi ngodya, timadontho takhudzidwa pamwamba pokha. Extremely Fine: kutha kumaoneka ndi galasi lokha, ndipo pakati pa zilembo pakadali kunyezimira kochokera kuchidindo. EF yeniyeni pa makobidi a nyundo ndi yosowa, nthawi zambiri imachokera m'mulu wokwiriridwa usanayende. Mawu oti good kutsogolo ndi kukwera pang'ono, about kapena nearly ndi kutsika pang'ono. Mukaona F/VF ndiye kuti kumaso Fine, kumbuyo VF.

FDC, yopanda banga lililonse, mukaiona pa khobidi la nyundo yambani mwakayika wolembayo.

Chidindo:
Pali timawu tina tiwiri tofunika kutimvetsa: for issue. Wogulitsa akati VF for issue, akutanthauza kuti poyerekeza ndi anzake a mtundu womwewo. Pena n'zachilungamo, pena ndi chinyengo, ndipo kuti musiyanitse muyenera kudziwa mtundu uliwonse mmene unkatulukira.

Mapeni a Henry II a 1158 mpaka 1180, aja amatchedwa Tealby potengera mudzi wa ku Lincolnshire komwe mulu wake udapezeka mu 1807, ndiwo oipitsitsa kadindidwe. Kabenthu kosazungulira, malemba theka, nkhope mbali imodzi. Pa amenewa mukangowerenga dzina la mmisiri ndi la tawuni, mwapeza chabwino, ngakhale mfumu ikuoneka ngati yapondedwa ndi ng'ombe. Mapeni a ku York ndi ku Durham a nthawi ya Edward IV nawonso: timabenthu tating'ono kuposa chidindo, zidindo zina zosema komweko mosalongosoka. Peni yotero yopanda theka la malemba siyenera kuti idametedwa, yezani muone ngati ikuyandikira 0.78. Masheleni a Charles I osulidwa ku Tower ya ku London a m'ma 1640, nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, ankasulidwa mothamanga, ena amatuluka ngodyangodya ngati odula ndi chikwanje, koma pasikelo akukwana magalamu 6. Ameneyo ndi mmene adabadwira.

Koma munthu asakuuzeni for issue pa groat ya Henry VI ya ku Calais, ija yolembedwa VILLA CALISIE, ya m'ma 1420. Zimenezo zambiri zidadindika mokongola, yofooka ndi yofooka basi. Chimodzimodzi mapeni a Æthelred II ndi Cnut, amisiri a nthawi imeneyo ankadziwa ntchito.

Achemwali Tiki:
Onjezanipo a Henry VIII a kumapeto. Kuyambira 1544 adayamba kuthira mkuwa wambiri m'siliva, pofika 1546 siliva anali gawo limodzi mwa atatu, ndipo mu 1551, nthawi ya Edward VI, masheleni ena adafika gawo limodzi mwa anayi. Siliva wabwino wa sterling ndi 92.5 pa 100, onani kusiyanako. Pamwamba ankapayeretsa kuti paoneke siliva, koma mphuno ya mfumu ikangoperepeseka mkuwa unkatulukira, mpake Henry VIII adamutcha Old Coppernose, wa mphuno yamkuwa. Chitsulo chimenecho n'chouma, sichilowa bwino m'chidindo, ndipo m'nthaka chimadyeka msanga. Testoon (sheleni ya Henry VIII) kapena groat ya zaka zimenezo yokhakhala, yofiirira pamphuno, musaidule giredi ngati mmene mungachitire ndi groat ya mfumu yomweyo ya m'ma 1530.

Sikisipensi ya Elizabeth I ndiye imapusitsa mwa njira ina. Kuyambira 1561 ili ndi chaka kumbuyo ndi duwa kuseri kwa mutu, kulemera cha pa magalamu 3. Nkhope yake idasemedwa mosazama, ndipo makobidi amenewa adayenda mpaka 1696, ena zaka zoposa 130. Ndiye mukapeza mfumukazi yafufutika koma malemba akuwerengeka, kawirikawiri ndi zonse ziwiri, kusazama ndi kutha. Apa mboni ndi masamba a duwa lija, ndi mikango ndi maluwa a pachishango cha kumbuyo. Ya nkhope yooneka khutu, tsitsi ndi mapindo a kolala ndi imene anthu amalimbirana.

Wa ku York:
Ndalowa mochedwa. Palibe watchula nthaka, chonsecho makobidi ambiri ali pamsika masiku ano adachita kufukulidwa ndi makina ofufuzira zitsulo m'minda. Khasu la thirakitala ndi feteleza zimasiya zizindikiro zake, ndipo zimenezi zimalembedwa padera, sizilowa m'giredi.

Kupindika ndiko koyamba. Peni yopyapyala imapindika mosavuta, ndipo ambiri amaiwongola asanagulitse. Yowongoledwa imasiya mzere wodutsa pakati, wowala kapena wakuda kuposa pena ponse. Ikwezeni ku nyale, ngati kuwala kukudutsa pamzerewo ndiye yang'aluka. Owongola mwaluso amayamba aiotcha kuti siliva afewe, koma moto umachotsa mtundu wonse wakale, khobidi n'kutsala lotuwa ngati phulusa. Kenako amalidetsa ndi mankhwala a sulufule. Kuda kopangira kumakhala kofanana paliponse, pamwamba ndi m'makwawa momwe. Kuda kwa zaka kumakhala kwambiri m'mbali mwa zilembo, pansonga n'kumapepuka.

Kachiwiri ndi horn silver, chikhungwa chotuwa kapena chofiirira chimene chimamera siliva akakumana ndi mchere wa m'nthaka. Si dothi lomata ayi, ndi siliva wa khobidi lomwelo wasanduka. Mukachichotsa pansi pake pamatsala timaenje.

Kachitatu ndi choopsa: siliva wokhalitsa m'nthaka amauma m'kati n'kukhala wosweka ngati bisiketi. Pamaso ali bwino, koma mukafinya amathetheka. Ndiye chonde, zija zogwetsa khobidi patebulo kuti mumve kulira, musayese pa makobidi a nyundo. Ngakhale lenileni likhoza kulira mogontha chifukwa cha kamng'alu kapena kuuma kumeneku, ndipo mukhoza kutola zidutswa ziwiri.

Kanyundo:
Nanga lobwera ndi dothi, kutsuka kwake?

Wa ku York:
Madzi otchezedwa aja a distilled, kuviika masiku angapo, kusintha madzi, kusuntha dothi ndi kamtengo kotokosera m'mano konyowa. Mafuta kapena zomata zimachoka ndi acetone, saluma siliva. Pathera pomwepo. Si poto uyu woti mukweche ndi phulusa kapena mchenga. Mandimu, viniga, polishi wa zitsulo, ngakhale njira ija yokulunga m'pepala la aluminiyamu ndi malovu, zonsezi zimasiya khobidi loyera mbee kapena la timizere tambirimbiri toyenda mbali imodzi, ndipo wodziwa amaona asanatenge n'komwe galasi. Lotsukidwa chotero mtengo umagwa ngakhale giredi ikhale yomweyo.

Posunga pewani timatumba tofewa ta PVC, timatuluka thukuta lobiriwira lomata pakhobidi. Timaenvulopu ta pepala lopanda asidi ndi tabwino. Kabati ikhale ya mahogany, ya oak imatulutsa mpweya wodya chitsulo.

Za malamulo pang'ono, kwa amene muli kuno ku UK. Ku England ndi Wales, Treasure Act ya 1996 imati makobidi awiri kapena kuposa a siliva kapena golide, a zaka zoposa 300, opezeka pamodzi, ayenera kunenedwa pasanathe masiku 14. Limodzi lokha nthawi zambiri silikhudzidwa, koma ofukula abwino amalilembetsa ku Portable Antiquities Scheme n'kupatsidwa nambala. Nambala imeneyo ikakhalapo, isungeni limodzi ndi khobidi. Ku Scotland lamulo ndi lina, chilichonse chimanenedwa. Ndipo wofuna kutumiza khobidi lofukulidwa m'nthaka ya UK ku Lilongwe kapena ku Johannesburg afunika chilolezo chotulutsira kunja, kaya ndi lotchipa bwanji.

Chidindo:
Choipa kuposa kutsuka ndi kusema. Pali amisiri amene amatenga peni ngati ya a Kanyundoyi n'kuijambulanso maso ndi mphuno ndi kachitsulo kosongoka. Amati tooling. Chizindikiro chake: mizere yakuthwa pamalo pomwe zozungulira zonse zatha, ndiponso mizereyo imakhala yolowa pansi, yokumba, pomwe zochokera kuchidindo zimakhala zotumphuka. Enanso amasalaza pabwalo pochotsa timaenje, pamenepo pamaoneka ngati pabeseni, potsika kuposa pozungulira.

Lamulo lomweli limathandiza pa ming'alu. Mzere wotumphuka ndi mng'alu wa chidindo, siliva adalowamo pomenya, si vuto la khobidi. Timatuza totumphuka ndi chidindo cha dzimbiri. Mzere wolowa ndi kukandika kapena kung'aluka kwa khobidi lenilenilo.

Bowo lotsekedwa lifuneni pamwamba pa mutu wa mfumu kapena pafupi ndi mphepete, pomwe munthu akadapachikira chingwe. Mtundu wa chitsulo umasiyana pang'ono, zilembo za pamenepo zimaoneka zolemba ndi dzanja lina, ndipo kuseri kwake mupezanso kabwalo komweko. Pa golide, monga noble ndi angel, yang'ananinso m'mphepete ngati muli zipsera za mkombero wa mkanda kapena mphete.

Gogo Sheleni:
Koma si chilema chilichonse chili chotsitsa mtengo mofanana, ndipo apa mpamene mbiri imalowerera.

Mapeni a Æthelred II ndi Cnut opezeka ku Scandinavia ambiri ali ndi tizipsera ta nsonga ya mpeni. Ma Viking ankajompha siliva kuti aone ngati ndi wofewa bwino, osati wosakaniza. Amati peck marks. Amalembedwa, mtengo umatsikako, koma ena amawakonda chifukwa akuonetsa komwe khobidi lidafika. Peni ya Short Cross, 1180 mpaka 1247, kapena ya Long Cross, 1247 mpaka 1279, yodulidwa pakati motsata mtanda si yowonongeka, ndi mmene ankapezera theka la peni ndi kota yake Edward I asanayambe kusula zozungulira. Imapatsidwa giredi payokha ngati theka. Angel wagolide wobooledwa wa nthawi ya James I kapena Charles I kawirikawiri ndi uja mfumu inkapachika m'khosi mwa odwala pamwambo wowakhudza. Ndiye pali bowo la pakati penipeni pa sheleni kapena sikisipensi: pa kusintha ndalama kwa mu 1696, nthawi ya William III, lamulo lidati khobidi la nyundo losametedwa libooledwe pakati kuti liyendebe kwa kanthawi. Bowo limenelo ndi la boma. La m'mphepete lopachikira ndi la munthu wamba, limenelo ndiye limagwetsa mtengo kwambiri.

Paja kusula ndi nyundo kudatha mu 1662, nthawi ya Charles II, makina atalowa. Zolemba ndi timizere ta m'mphepete mwa makobidi a makina zidabwera kudzathetsa kumeta komwe tikukambaku.

Wasikelo:
Tisanapatse giredi tiziyamba tatsimikiza kuti ndi lenileni. Lothira m'chikombole limakhala ndi zilembo zonenepa zopanda ngodya, timaenje tozungulira ta mpweya, pena msoko m'mphepete, ndipo kulemera sikugwirizana ndi kukula kwake. Ma electrotype, aja ankakopera a m'nyumba zosungira zakale, ndi zigamba ziwiri zomata, msoko umazungulira mphepete yonse. Ogulitsidwa kwa alendo ngati chikumbutso ambiri ali ndi zilembo WRL, onani ngati palibe pomwe pakwechedwa pofuna kuzifufuta.

Pa mapeni a Edward palinso otsanzira a nthawi yomweyo ochokera ku Low Countries (dera la Belgium ndi Netherlands lero), ma crockard ndi ma pollard amene Edward I adawaletsa cha mu 1299 ndi 1300, ndi ena a ku Luxembourg a pambuyo pake. Amenewa si achinyengo cha lero, ali ndi owasonkhanitsa awo. Werengani malemba: ya Edward imayamba EDW kapena EDWA kapena EDWAR, kenako R ANGL DNS HYB. Mukapeza dzina lina, kapena mutu wovala nkhata ya maluwa m'malo mwa chisoti, mwagwira ya kutsidya kwa nyanja.

Kanyundo:
Nanga aja otsekeredwa m'pulasitiki ndi makampani a ku America opereka giredi, NGC ndi PCGS? Si ndiye kuti mkangano wonsewu amauthetsa ndi nambala imodzi?

Chidindo:
Amauyambitsa. Muyezo wawo wa 1 mpaka 70 udapangidwira makobidi a makina a ku America, pomwe onse amabadwa ofanana ndipo chosiyana ndi kutha kokha. Khobidi la nyundo likhoza kupatsidwa MS 62, kutanthauza kuti silidayende, lili lopendekeka, lomenyedwa kawiri, nkhope palibe. Lina la XF 45 (XF ndi mmene iwo amalembera EF) n'kukhala lokongola kuliposa kutalitali. Komanso amalonda a ku Britain ndi ouma dzanja pa giredi: chimene iwo amati good VF, m'pulasitiki chimatuluka XF kapena AU, giredi ya pamwamba pa XF, kawirikawiri. Musafanizire zilembo za mbali ziwirizi ngati n'chilankhulo chimodzi.

Achemwali Tiki:
Muwapatseko ulemu wawo pang'ono achimwene. Kwa wogula golide wa mtengo wapatali ali kutali, pulasitiki imamutsimikizira kuti akatswiri aona kuti ndi lenileni, ndipo lometedwa, lotsukidwa, lopindika kapena lotsekedwa bowo amalilemba Details m'malo mwa nambala. Vuto ndi loti simungaliyezenso pasikelo nokha, ndipo mphepete imaoneka pang'ono chabe. Pa peni wamba ya Edward, ndalama yotsekera ikhoza kuyandikira mtengo wa peni yomweyo, palibe phindu.

Kumenyedwa kawiri kwatchulidwako n'kofala: khobidi limadumpha pakati pa nyundo yoyamba ndi yachiwiri, zilembo n'kuoneka ziwiriziwiri. Kukakhala m'malemba mokha n'kopiririka. Kukapatsa mfumu mphuno ziwiri, mtengo umatsika ndithu.

Kanyundo:
Ndiye ndikadakhala wolemba kabuku ka okushoniyo ndikadati: Edward I, peni, class 10, London, magalamu 1.21, yometedwa kuzungulira, nkhope yosadindika ndi mthunzi wa mtanda, kwina konse VF, mtundu wotuwa wachibadwa. Ndalakwitsa pati?

Gogo Sheleni:
Mwakhoza, kungoti good uja mwachita bwino kumuchotsa, timadontho tokhudzidwa pamwamba ndi VF wamba. Onjezani kukula kwake m'mamilimita. Yosametedwa imakhala cha pa 18 kapena 19, yanuyo mwina ili pa 17.

Wasikelo:
Mtengo wake musapitirire wa Fine, ndipo ine ndingatsikenso pansi pake chifukwa zilema ndi ziwiri pa mtundu wosasowa. Ikadakhala ya tawuni yovuta kupeza, monga Exeter, Chester kapena Kingston upon Hull za mu 1300, bwenzi tikulankhula zina.

Wa ku York:
Musanaike mtengo, mupempheni wogulitsayo zithunzi zina ziwiri: china cha m'mphepete khobidi litaimirira, china nyale ikuwala chopingasa pankhope. Mumufunsenso ngati lidawongoledwapo. Zithunzi za pa okushoni amajambula nyale ili pamwamba, ndipo mzere wa kupindika suoneka pamenepo.